Zikomo kwa inu othandiza kukolola azitona ku West Bank

Ndikufuna kuthokoza inu amene chaka chilichonse, mu Okutobala ndi Novembala, mumasiya ntchito zanu n'kupita kukathandiza alimi a ku West Bank, dera la ku Palestine, kukolola azitona. Sitidziwana, koma ntchito yanu imandikhudza mtima kwambiri.

Makamaka ndithokoze a bungwe la Rabbis for Human Rights, lomwe atsogoleri achipembedzo cha Chiyuda anayambitsa mu 1988. Mumaperekeza alimi ku minda yoyandikana ndi midzi ya Aisraeli, kumene mlimi akapita yekha amaopa kumenyedwa kapena kupeza mitengo yake itadulidwa. Kudula mtengo wa azitona n'kulanda banja chakudya cha zaka zambiri, pakuti mtengowu umachedwa kubereka, ndipo ina mwa mitengoyi inabzalidwa ndi agogo a agogo awo.

Ntchito yake njowawa msana. Mumayala malona pansi pa mtengo, kukwera makwerero, kupulula nthambi ndi manja mpaka zala kuda bii, kenako kulongedza m'matumba kuti zipatso zikafike msanga kokayenga mafuta zisanawonongeke. Masana Myuda, Msilamu ndi Mkhristu amakhala pansi pamthunzi umodzi, kusunsa buledi m'mafuta omwewo. Kwa ine, kumeneko ndiye kukambirana kwenikweni, kuposa misonkhano ya m'mahotela.

Zikomonso inu amayi ndi abambo eni minda, polandira alendo ndi tiyi wotentha ngakhale muli pa mavuto aakulu. Mulungu akusungeni nonse, ndipo chaka chino mukolole popanda wovulala.