Kagetsi ka Num Lock

Usiku wafika koma mawu amene achimwene anandiuza pa foni sakuchoka m'mutu mwanga. "Iwe, kiyibodi imeneyo yatha. Taya ugule ina." Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, iwo anali ataweruza kale.

Nditayatsa kompyuta m'mawa, sikirini inangokhala bii, pansi pake pali timawu toyera toti kiyibodi sinapezeke, ndidine F1 kuti ndipitirize. Ndinadina F1, kenako Del, kenako F2, koma zii. Timagetsi titatu ta pakona ya kiyibodi, timene timaphethira kamodzi kompyuta ikamadzuka, sitinaphethire n'komwe. Pamenepo mtima unayamba kuthamanga, chifukwa ntchito imene ndimayenera kutumiza lero inali m'kati mmenemo.

Ndinaizula n'kuilumikiza pa laputopu. Inalemba bwinobwino, chilembo chilichonse. Ndiye ndinati, "Achimwene, ndaiyesa kwina ndipo ikugwira ntchito, vuto lili pa kompyutayi." Iwo anangoti zinthu zakale zimatero, lero zagwira mawa zakana. Zinandiwawa kuposa mmene ndimayembekezera. Kiyibodi imeneyi ndakhala nayo zaka zambiri, mabatani a A ndi N anafufutika kalekale ndi zala zanga, ndipo ndimailemba osayang'ana. Komanso si za kiyibodi yokha ayi. Nthawi zambiri ndikawauza vuto, amandipatsa yankho asanandimve, ngati ndikadali kamwana kaja ankakanyamula pamsana.

Ndinagwada pansi pa tebulo ndi tochi ya pa foni. Waya wa kiyibodi unali m'kabowo ka USB 3.0 ka kutsogolo, kabuluu m'kati. Makompyuta ena akamayaka, Windows isanatsegule, sazindikira msanga zinthu za m'mabowo amenewa. Ndinazimitsa, n'kuzula chingwe cha magetsi, n'kugwira batani loyatsira kwa kamphindi kuti moto wotsalira uthe, kenako ndinasamutsira waya kumbuyo, m'kabowo kakuda ka USB 2.0. Pafupi pake pali kabowo kozungulira ka PS/2, kamene IBM inabweretsa mu 1987, kodzaza fumbi. Ndinakayang'ana ndithu, chifukwa makiyibodi a mtundu umenewo sankavuta chonchi bola uwalumikize kompyuta isanayake.

Nditayatsanso, kagetsi ka Num Lock, kamodzi mwa timagetsi titatu tija ta pa kiyibodi, kanayaka. Ndinapuma mpweya waukulu ndili chigwadire pansipo.

Ndinalowa mu BIOS, pulogalamu imene imadzutsa kompyuta Windows isanatsegule, podina Del. Legacy USB Support, imene imathandiza kuti kiyibodi ya USB igwire ntchito Windows isanatsegule, inali yozimitsa, ndinaiyatsa. Fast Boot ndinaizimitsa, poti imeneyo imatha kudumpha kufufuza zinthu za USB pofuna kuti kompyuta iyake mwachangu. Koma chimene chinandiimitsa ndi deti: linali litabwerera m'mbuyo zaka zingapo, nthawi ikusonyeza pakati pa usiku. Ndikukayikira kabatire kophwatalala kaja ka pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), kotchedwa CR2032, ka mavoti 3, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikakhala yozimitsa. Kakafooka, zimene unakonza mu BIOS zimatha kuiwalika, ndiye kuti mawa ndikhoza kudzukiranso sikirini yakuda yomweyo.

Ntchito ija ndatumiza mochedwa. Izi ndikulemba pa kiyibodi yomweyo imene amati yatha. Kawiri konse ndatenga foni kuti ndiwaimbire achimwene, kawiri konse ndaiyikanso pansi. Ndikufuna adziwe, koma sindikufuna zimveke ngati ndikuwanyogodola. Bokosi la kompyuta sindinalitsegulebe, sikuludiraiva ili apa pambali pa mausi.