Maso a kalulu atsitseni m'munsi basi

Miyezi iwiri yathunthu ndakhala ndikujambula abulu. Cholinga chinali kalulu, koma chotuluka pa pepala chimakhala bulu wokhumudwa, tsiku lina mbewa, tsiku lina chinthu choti mwana wa mlongo wanga anachiyang'anitsitsa nkundifunsa kuti "sekuru, imeneyi ndi mbuzi?" Ana a kuno ku Mufakose, mu Harare, amalume amawaitana choncho, Chishona chinawalowerera, ndipo nchifukwa chake ndinayamba zonsezi. Agogo akayamba nthano madzulo kuti padangokhala, amene timayankha kuti tili tonse ndi ife akuluakulu, ana ali duu pa foni. Ndiye ndinati mwina nditamajambula kalulu uja pomwe agogo akusimba anawa angadzutseko mutu.

Zoti umayamba ndi chozungulira, makutu awiri aatali, kamphuno, ndevu zitatu uku zitatu uku, sinditayapo nthawi, aliyense amene anaonerako kavidiyo kamodzi pa YouTube akuzidziwa. Inenso ndimachita zonsezo ndendende koma bulu amatulukabe.

Chinanditsegula mutu ndi khanda. Lachiwiri usiku magetsi atathima tinali pa kandulo, mlongo wanga atanyamula wamng'ono uja wa miyezi 8, ine ndikufufuta pepala lomwe linali litatsala pang'ono kubooka. Nditadzutsa maso ndinaona chipumi cha mwanayo, chachikulu ngati theka la mutu wonse, ndiye maso, mphuno ndi kamwa zonse zaunjikana m'munsi ngati anthu othawa mvula pa khonde. Munthu wamkulu maso ake amakhala pakati penipeni pa mutu, mukayeza kuchokera pa liwombo kufika kuchibwano. Wakhanda ali m'munsi mwa pakatipo. Ine nthawi yonseyi maso a kalulu ndimawaika m'mwamba pafupi ndi makutu, mphuno kutali m'munsi, ndiye mpata wapakatiwo ndi umene umasanduka chinkhope chachitali cha bulu.

Ndinatenga chivindikiro cha botolo la Mazoe, kuzunguliza, kulemba mtanda mkati mwake mopepuka ndi pensulo ya HB, koma mzere wopingasa uja ndinautsitsa, m'malo mwa pakati ndinauika poti m'mwamba mutsale magawo awiri m'munsi gawo limodzi. Maso pa mzerewo, otalikirana. Kamphuno pakati pawo, kutsikako pang'ono chabe, pafupifupi mzere womwewo. Anthuni, kalulu! Ndisanaike nkomwe makutu chinthucho chinali chikundiyang'ana kale ngati chikufuna kabichi. Ndinajambula ena 6 usiku womwewo mpaka kandulo kutha, ndipo onse anatuluka akalulu.

Kenako ndinapeza kuti sindine woyamba ayi. Katswiri wina wa khalidwe la nyama wa ku Austria, Konrad Lorenz, anafotokoza kale mu 1943 kuti mutu waukulu, chipumi chotakasuka, maso aakulu okhala m'munsi ndi masaya ofufuma ndi zimene zimatipangitsa kuona chinthu ngati kamwana nkufuna kukanyamula. Ndiye za makatuni zonsezi ndi kubera nkhope ya khanda basi, kuiveka makutu a nyama. Zaka 80 ndi kupitirira nkhaniyi ilipo, ine nkumatha mabandulo kufunafuna.

Apa ndiye pamene mtima umandiwawa ndikakumbukira kalasi yojambula imene ndinkapita Loweruka. Ndimadzuka m'mawa, kukwera kombi (minibasi) mpaka m'tauni, kulipira, kukhala maola awiri, mawu a aphunzitsi ndi amodzi okha, "jambulani zimene mukuona." Chabwino. Ine ngati kalulu yemwe adamva mawu oyamba, ndinagwira omwewo, ndinapita kwa aneba amene amaweta akalulu kuseri kwa nyumba nkukhala pa njerwa kutsogolo kwa khola ndi pepala langa. Koma kalulu weniweni maso ake ali m'mbali mwa mutu, amaona pafupifupi mbali zonse ngakhale kumbuyo chifukwa moyo wake ndi wothawa, malo amene saona bwino ndi kutsogolo kwenikweni kwa mphuno yake. Ukamuyang'ana chamaso umangoona timaso totuzuka m'mphepete ndi nkhope yaitali. Wa katuni maso onse awiri ali kutsogolo ngati munthu. Ndiye zimene ndimaona ndi zimene ndimafuna kujambula zinali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo palibe anandiuza. Kungonena kuti tsitsani maso, mawu awiri, kukanawatengera masekondi angati? Mwina amati tizipeza tokha, kaya. Komanso tinalipo ambiri, nthawi yoima pa aliyense panalibe. Ndinasiya kupitako.

Kukhola kuja sindinapiteko pachabe komabe. Mlomo wam'mwamba wa kalulu ndi wong'ambika pakati, ndiye ukalemba ka Y pansi, mphuno pamwamba pake, nkupinda timizere tiwiri m'munsi mwake, basi pakamwa patha. Mano awiri akutsogolo aja, amene amakula moyo wake wonse, ndimawaika pokhapokha ndikafuna aoneke wopusa pang'ono. Makutunso amamera pamwamba moyandikana, chakumbuyo, osati m'mbali. Ukawaika m'mbali wapanga mbewa kapena mbuzi ija ya mwana wa mlongo wanga.

Koma mtanda, aise, mtanda ndiye zonse. Panopa sindiyamba chilichonse popanda mtanda. Ukaukhotetsa ngati mizere ya pa mpira, mutu umatembenuka wokha, kalulu akuyang'ana kumanzere, ukaukweza akuyang'ana kumwamba. Ndayesa pa mphaka zatheka, pa fisi zathekako, ndipo ine ndikuti munthu atangophunzira ichi chokha safunikanso kalasi kapena mapensulo odula aja a 2B, 4B, 6B. Mnzanga wina amene amalemba zikwangwani za mashopu ku Mbare anandiseka, akuti dikira ufike pa manja ndi miyendo uone ngati mtanda wakowo ukakuthandize. Sindinafikeko, ndiye pakadali pano ndikuti akunama.

Dzulo ndinawaonetsa agogo uja wabwino kwambiri, wa maso aakulu okhala ndi kadontho koyera mkati. Anavala magalasi, kumuyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "iwe, ameneyu ndi wa m'khola. Angapusitse njovu ameneyu? Angabe madzi pa chitsime anzake atakumba?" Ndinasowa choyankha chifukwa akunena zoona, kalulu wanga ndi wosalakwa, wofuna kunyamulidwa, pomwe wa m'nthano ndi tambwali wa kutchire, wowonda, wa miyendo yaitali ndi makutu akuda kunsonga. Njira yomweyo imene yandichotsera bulu yandichotseranso uchenjere wonse.

Ndayesa kutseka maso theka ndi chikope, wangooneka wa tulo. Ndakweza nsidze imodzi, kupinda khutu limodzi, pang'ono zikubwera koma wayamba kufanana ndi kondakitala wa kombi amene sakufuna kubweza chenji. Mwina maso ndiwakwezenso pang'ono, koma ndikuopa bulu. Ana aja ndiye amukonda wa m'kholayo, wamkulu uja wayamba kale kuzunguliza zivindikiro pa buku lake la masamu, agogo sakumufuna, ndipo nthano ya Loweruka likubwerali sindikudziwa kuti ndijambula uti.