Masiku 9 a sikirini yakuda: posankha zipangizo za kompyuta yanga yoyamba ya magemu

Kompyuta imene ndikulemberapo mawu awa ndinailumikiza ndekha, ndipo tsopano ikugwira ntchito bwinobwino, koma panali masiku 9 pamene inangokhala patebulo, mafani akuzungulira, sikirini ili bii, ine osadziwa chimene chalakwika. Ndikulemba mtima usanakhale pansi, chifukwa ndikadikira ndidzaiwala zimene zinandipweteka.

Za kumanga masikuluwu ndi kulowetsa mawaya sindinenapo zambiri, popeza kabuku kamene kamabwera ndi motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, kamafotokoza zonsezo momveka. Vuto lenileni lili pa kusankha zipangizo, ndipo limayamba musanatsegule bokosi ngakhale limodzi.

Ndinayamba ndi khadi la graphics, limene limapanga zithunzi zooneka pa sikirini, chifukwa pa kompyuta ya magemu ndilo limatenga gawo lalikulu la ndalama ndiponso ndilo limasenza ntchito yambiri. Sikirini yanga ndi ya 1080p, choncho khadi lokhala ndi memory ya 8 GB linali lokwanira, ndipo sindinaone chifukwa chogulira khadi lamphamvu loyenera 1440p kapena 4K pamene sikirini yoonetsera zimenezo ndilibe. Kenako ndinasankha purosesa, ubongo wa kompyuta, Ryzen 5 5600 ya kampani ya AMD, yomwe ili ndi ma core 6 ndipo imalowa pa motherboard mu soketi ya AM4. Ndinadziwa kuti soketi yatsopano ya AM5 inatuluka mu 2022, koma imeneyo imalandira RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) ya DDR5 yokha, pamene AM4 imagwiritsa ntchito DDR4, ndipo thumba langa linandiuza kuti ndikhale ku yakaleyo. Mpaka pamenepa ndinali nditawerenga mokwanira, moti ndinayamba kudzitama mumtima.

Pa motherboard m'pamene ndinagwa. Ndinapeza yotsika mtengo ya chipset cha B450 (chipset ndi kachipangizo koyang'anira zolumikizidwa pa motherboard), ndipo ndinamufunsa wogulitsayo mwachindunji ngati igwirizana ndi purosesa yangayo. Iye anayankha mosakayika kuti soketi ndi imodzimodzi, AM4, ndipo ilowa popanda vuto. Sananame ayi, inalowadi. Chimene sanandiuze, ndipo chimene inenso sindinafufuze, n'chakuti kulowa mu soketi si kugwirizana. Chipset cha B450 chinatuluka mu 2018, pamene mapurosesa oyamba a Ryzen 5000 anatuluka mu November 2020. Motherboard yoteroyo imatha kuyendetsa mapurosesa atsopanowa pokhapokha BIOS yake itasinthidwa, ndipo BIOS ndi kapulogalamu kokhala pa motherboard pomwepo kamene kamazindikira zipangizo zonse kompyuta isanayambe china chilichonse. Bokosi limene ndinagulalo linali litagona pashelefu zaka zingapo, BIOS yake ili yakale, ndipo purosesa yanga inali mlendo amene motherboard sinamudziwe n'komwe.

Ndinathera masiku atatu oyamba ndikukayikira zipangizo zosalakwa. Ndinachotsa RAM n'kuibwezera kangapo, ndinazula khadi la graphics n'kulilowetsanso, ndinamasula mawaya onse a magetsi n'kuyambiranso, mpaka ndinachotsa purosesa kuti ndione ngati timapini take tapindika, manja akunjenjemera. Kanyali kofiira kolembedwa CPU kanali kakuyaka pa motherboard nthawi yonseyi, koma ine ndinkaganiza kuti kakutanthauza kuti purosesa ndi yakufa. Usiku wa tsiku lachitatu m'pamene ndinatsegula tsamba la kampani yopanga motherboard ija, n'kupeza mndandanda wa mapurosesa ogwirizana nayo, ndipo pambali pa dzina lililonse panalembedwa nambala ya BIOS yofunika. Mndandanda umenewu musaudumphe. Uwerengeni musanapereke ndalama, ndipo mufunse wogulitsa kuti bokosi limene akukupatsanilo lili ndi BIOS iti.

Chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti kusintha BIOS kumafuna kuti kompyuta iyake, koma kompyuta singayake ndi purosesa imene BIOS yake siidziwa. Ma motherboard ena ali ndi kabatani kumbuyo kamene kamalola kusintha BIOS pogwiritsa ntchito fulashi ndi magetsi basi, popanda purosesa ngakhale RAM. Yanga inalibe kabataniko. Njira yokha inali kupeza purosesa yakale ya AM4, kuiika kaye, kusintha BIOS, kenako n'kubwezera yanga.

Ndinabwerera kwa wogulitsa uja motherboard ili m'manja. Kubweza katundu anakana, ati bokosi ndatsegula kale, ngati kuti pali munthu amene angadziwe kuti motherboard sikuyaka asanatsegule bokosi. Anati akhoza kundisinthira BIOS, koma ndilipire, ndipo katswiri wawo wangotuluka pang'ono. Ndinakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikuuzidwa mobwerezabwereza kuti ali panjira, ndipo pomaliza anandiuza kuti ndibwere mawa. Mawa lake katswiriyo analipo, koma purosesa yakale yoyesera inali itabwerekedwa kwa wina. Ndinasiya motherboard kumeneko, n'kukaitenga patapita masiku ena anayi. Nditafunsa kuti ntchitoyo inatenga nthawi yaitali bwanji, mnyamatayo anandiyankha mosaganiza kuti sinakwane n'komwe mphindi khumi. Ndalama imene ndinalipira, kuphatikiza ya maulendo atatu aja, inafafaniza phindu lonse limene ndinkaganiza kuti ndapeza posiya motherboard ya B550, yomwe ndi yatsopanoko ndipo imapatsanso khadi la graphics polumikizira pothamanga kwambiri, PCIe 4.0 m'malo mwa 3.0. Ngakhale ya B550 imafunika kuifufuza, popeza zoyamba zinatuluka mu June 2020, mapurosesa aja asanabwere.

Ndayiwala kunena za bokosi loikamo zipangizo, limene ndinagula kale ndisanasankhe china chilichonse chifukwa chongokopeka ndi galasi la pambali pake. Mwamwayi linali lolandira motherboard ya ATX, yomwe ndi mamilimita 305 kwa 244, motero ya micro-ATX yanga, ya 244 kwa 244, inakwanamo mosavuta. Khadi la graphics ndilo linatsala pang'ono kundichititsa manyazi, chifukwa pakati pa nsonga yake ndi fani yakutsogolo panatsala mpata wosalowa ngakhale chala. Opanga mabokosi amalemba utali wa khadi limene lingakwanemo ndi msinkhu wa choziziritsira purosesa, ndipo manambala awiriwa ndi ofunika kuposa maonekedwe a bokosilo.

Pa PSU, chipangizo chogawa magetsi, sindinaumire, ndipo pamenepa pokha ndikudziyamikira. Ndinatenga ya mawati 650 yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze, chosonyeza kuti siwononga magetsi ambiri, ngakhale purosesa yanga imawerengedwa kuti ndi ya mawati 65 okha, chifukwa khadi la graphics ndilo limadya magetsi ambiri ndipo ndinkafuna mpata wodzaikapo lina lamphamvu mtsogolo. Onetsetsani kuti ili ndi mawaya a PCIe okwanira khadi lanulo. PSU yosadziwika bwino ikawonongeka imatha kupsereza zipangizo zina zonse, choncho si malo osungirapo ndalama.

RAM ndinagula ya 16 GB, timitengo tiwiri ta 8 GB m'malo mwa kamodzi kakakulu, kuti tigwire ntchito mothandizana. Pa motherboard ya malo anayi, tiwiriti nthawi zambiri timaikidwa pamalo achiwiri ndi achinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa, koma tsimikizani m'kabuku kaja. Dziwaninso kuti RAM yolembedwa 3200 siyamba yokha kuthamanga pa liwiro limenelo. Yanga inayambira pa 2133 mpaka nditalowa mu BIOS n'kuyatsa XMP, imene imalola RAM kuthamanga pa liwiro lolembedwalo. Posungira zinthu ndinasankha SSD ya M.2 NVMe ya 1 TB, poti magemu ena a masiku ano amapitirira 100 GB imodzi yokha.

Ndibwerezenso za mndandanda uja, chifukwa zina zonsezi zikanakonzeka tsiku limodzi. Onani mndandanda wa mapurosesa ogwirizana ndi motherboard, onani nambala ya BIOS, ndipo ngati muli ndi ziwiri zoti musankhepo, tengani yokhala ndi kabatani kosinthira BIOS popanda purosesa. Ogula mapurosesa a Intel nawonso asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza: soketi ya LGA1700 imalandira mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14, ndipo motherboard yakale imafuna BIOS yatsopano kuti izindikire a m'mibadwo yatsopanoyi.

Tsiku la 9 ndinalumikizanso zonse, ndinadina batani, kanyali kofiira kaja kanazima, koma sikirini inakhalabe yakuda. Mtima unagunda, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza mawu okamuuza wogulitsa uja pamene ndinasuzumira kumbuyo kwa bokosi. Chingwe cha HDMI ndinali nditachilowetsa pa motherboard, pamene Ryzen 5 5600 ilibe graphics zakezake ndipo pamalo pamenepo sipangatuluke chithunzi chilichonse. Ndinachizula, n'kuchitsitsa pang'ono pa khadi la graphics, ndipo sikirini inayaka.