Barolo, nyama ya mphika ndi phunziro la sabata ino

M'kalasi yathu ya operekera zakudya m'malesitilanti tafika pa vinyo wofiira wa ku Italy. Aphunzitsi athu salola kuti tizilawa vinyo payekha. Galasi iliyonse imabwera ndi kambale ka chakudya chomwe anthu a kumeneko amadya kukazizira, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.

Amene wandigwira mtima ndi Barolo. Amachokera kumapiri a Langhe, pafupi ndi tauni ya Alba m'chigawo cha Piemonte kumpoto kwa Italy, ndipo mphesa zake ndi Nebbiolo basi. Lamulo limati akhwime miyezi 38 asanagulitsidwe, 18 mwa imeneyo ali m'migolo yamatabwa. Ukapendeketsa galasi pansalu yoyera, vinyoyu amaoneka wopepuka, kuwala kumadutsa. Koma ukangomwa, lilime ndi nkhama zimauma gwa, ngati wamwa tiyi amene masamba ake akhalitsa m'ketulo. Chomwe chimaumitsa m'kamwa choncho amachitcha tanini, ndipo chimachokera m'makungu ndi njere za mphesa.

Kenaka anatipatsa brasato, nyama ya ng'ombe yomwe yabwata maola ambiri mu vinyo yemweyo mpaka kumanyenyeka ndi supuni, pambali pake polenta, chakudya chonga nsima cha ufa wa chimanga chachikasu. Nditatafuna nthuli imodzi n'kumwanso, kuuma kuja kunali kutachepa kwambiri. Mafuta ndi nyama zimaigwira tanini ija, ndiye pamatsala fungo la maluwa a rozi ndi zipatso zofiira. Apa m'pamene ndamvetsa chifukwa chake anthu amalolera kudikira zaka zitatu.

Chianti Classico wa ku Toscana sanativute. Mphesa za Sangiovese siziyenera kuchepera magawo 80 pa 100, ndipo botolo lake umalidziwa ndi chizindikiro cha tambala wakuda. Ali ndi kuwawasa komwe kumamvana ndi tomato. Tinamulawa ndi ribollita, supu yolimba ya nyemba, kabichi wakuda ndi buledi wogona, chakudya cha alimi. Ndinasangalala kuona kuti vinyo wotchuka chonchi sakana mphika wa nyemba.

Amarone yekha ndikumuopabe pang'ono. Ku Valpolicella, kufupi ndi Verona, amayanika mphesa za Corvina ndi zinzake miyezi itatu kapena inayi asanazifinye. Madzi amachepa, shuga amachuluka, mphamvu ya mowa n'kufika 15 pa 100 kapena kuposa. Chakudya chopepuka amangochimeza, sukumvanso kukoma kwake. Anzanga ambiri m'kalasi amusankha kukhala nambala wani, ine ayi. Mlendo akaitanitsa nkhuku sindingamutchulire Amarone. Akafuna nyama ya m'tchire kapena tchizi chokhwima cha Parmigiano pomaliza kudya, pamenepo ndiye ndingamutsegulire.

Sabata yamawa tikulowera kummwera, ku Campania ndi Basilicata, kukalawa Aglianico ndi nyama ya nkhosa.