Ku Mwanza timagulitsa nyimbo zimene eni ake anaiwala mitu

Shopu yathu ili pa Mwanza boma, pamsewu wopita kuchipata cholowera ku Mozambique. Timalowetsa nyimbo m'mafoni, m'mamemole khadi ndi m'maflashi, timabwereketsa zokuzira mawu paukwati ndi pachinkhoswe, komanso timasamutsa nyimbo za m'makaseti akale kuziika pakompyuta. Anthu amadabwa kuti bizinesi yotere ikupumabe bwanji masiku ano pomwe nyimbo zili mbwee pa YouTube ndi pa WhatsApp. Zoona zake n'zakuti nyimbo payokha sitidyetsanso. Chimene chimatidyetsa n'kudziwa nyimbo ya munthu. Mukandiuza zaka zanu ndi kumene munayendako, kawirikawiri ndimadziwa kale zoti ndikuikireni musanatsegule pakamwa.

Anaiyamba ndi bambo anga. Iwo anagwirako ntchito m'migodi ku Joni kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo anabwerera kumudzi mu 1988 pamene njira ya Amalawi yopita kumigodi inatsekedwa. Anzawo anatsika ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera. Iwo anatsika ndi gumbagumba ndi bokosi la zimbale za Soul Brothers, Mahlathini ndi Mahotella Queens, kuphatikizapo za Jim Reeves. Mayi mpaka lero amati tsiku limenelo anangogwira pakamwa, poti amayembekezera malata. Mpamba wonse unali umenewo. Bambo ankamanga gumbagumbayo panjinga pamodzi ndi batire ya galimoto n'kupita kulikonse kumene kwaphikidwa mowa wogulitsa. Mwini mowa ankawapatsa kangachepe, koma phindu lenileni linali m'mbale yomwe ankaika pambali: wofuna kuti nyimbo yake ibwerezedwe ankaponyamo matambala, ndipo wina akafuna kuidula pakati kuti ilire yake, ankayenera kuponya oposa pamenepo. Mikangano inalipo, koma mbale inkadzaza.

Zaka zimenezo Mwanza inali itadzaza ndi abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, ena m'misasa ya Chifunga ndi Luwani, ena m'midzi momwemu. Msewu wa ku Tete unali woopsa, malole ankadutsa pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, msewu unatseguka, ndipo nyimbo zinayamba kulowa ndi malole. Madalaivala ochokera ku Harare ankagona pachipata kudikira mapepala a katundu, m'galimoto muli makaseti a Leonard Dembo, John Chibadura, Simon Chimbetu ndi Devera Ngwena. Bambo anaona kuti zimbale zikutha ntchito, anamanga kaokala, nagula wailesi ya makaseti awiri. Ine ndinakulira kuseri kwa kauntala imeneyo, ndipo Chishona chochepa chomwe ndimadziwa ndinachiphunzira kwa Dembo.

Kenako kunabwera Balaka. Amene sanakhaleko m'zaka za m'ma 1990 sangamvetse mmene nyimbo za kumeneko zinalandira dziko. M'nthawi ya chipani chimodzi wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo woimba ankayamba wayeza mawu asanawatulutse. Zinthu zitasintha, situdiyo ya Paul Banda ku Balaka inayamba kutulutsa oimba motsatizana, ambiri odutsira ku Alleluya Band, pomwe mng'ono wake Lucius Banda ankaimba zimene anthu ankangonong'onezana m'nyumba. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku, onsewa tinkakapikula kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti okhala ndi chidindo cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Ndinkadzuka m'mamawa kukwera basi, kudutsa pa Zalewa, madzulo n'kubwerera ndi katoni pamiyendo. Chimbale chatsopano chikatuluka, anthu ankandichingamira pasiteji. Evison Matafale atamwalira mu November 2001, makaseti ake a Kuimba anatheratu, ndipo anyamata ankangoima panja pa okala kupempha kuti tiwaikire, ena alibe n'kobiri lomwe.

Ntchito ina yomwe inkatipatsa ya ndiwo inali kukonza makaseti. Wailesi ikatafuna tepi, mwini wake ankabwera nayo italendewera. Umamasula timasikuluwu tisanu, n'kutsegula pang'onopang'ono kuti timawilo tisagwe. Pamene pakwinyika kwambiri umadula ndi lezala mopendeketsa, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi kadontho ka kyutekisi, kudikira kuti kaume, n'kupota ndi bolopeni mpaka tepi ikhale bwino. Polumikizapo nyimbo inkadumpha mawu awiri kapena atatu, ndipo eni ake ankaizolowera choncho, n'kumaiimba ndi kudumpha komweko. Chaka chatha bambo wina wachikulire anabweza memole khadi, akuti nyimbo ya Lucky Dube yomwe ndinamuikira si yeniyeni chifukwa muli mawu ena omwe iye sakuwadziwa. Kaseti yake inadulidwa ndi ine ndemwe ndili mnyamata.

Pa nyimbo zonse zakunja, zimene zimandidabwitsa ndi za country. Jim Reeves anafa pangozi ya ndege mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu, koma mpaka lero samatha mwezi wina asanamufunse. Don Williams, Kenny Rogers, Dolly Parton ndi Skeeter Davis ali ndi anthu awo okhulupirika: aphunzitsi opuma ntchito, akuluakulu a mpingo, madalaivala oyenda usiku. Don Williams atakaimba ku Harare mu 1997, madalaivala omwe anamuona anatitopetsa nayo nkhaniyo chaka chonse. Ine ndimaona kuti chinsinsi chake n'chakuti oimba amenewa sathamanga. Chizungu chawo chimamveka liwu ndi liwu ngakhale kwa munthu amene analekeza pulayimale, ndipo zomwe amadandaula n'zomwe timadandaula ife: kwathu n'kutali, mkazi wandithawa, mayi akalamba, Mulungu ndithandizeni. Munthu wa ku Tennessee ndi munthu wa kwa Kanduku sanaonanepo, koma akulirira zofanana.

Rumba ya ku Congo ndiye ili mbali ina. Pano palibe amene amamva Chilingala, ndipo palibe amene zimamukhudza. Franco anamwalira mu 1989, koma gitala yake ikalira m'bala, madoda amaika botolo pansi. Nyimbo yake ya Mario, ya mu 1985, imanena za mnyamata wophunzira amene safuna ntchito, amangodyera mayi wolemera yemwe akukhala naye. Ndikawafotokozera makasitomala nkhani yake, amayi amafa nacho chiseko, abambo ena n'kungoti ndiikireni ina. Ubwino wa Franco kwa ife oimbitsa nyimbo ndi kutalika: ukaika imodzi ukhoza kukadya nsima n'kubwerera isanathe. Kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi ndombolo ya Koffi Olomide zinabwera pambuyo n'kusokoneza ziuno za anthu, koma ofuna rumba yeniyeni amaziona ngati zachibwana.

Nthawi ya ma CD inadutsa mofulumira, sindiikumbuka ndi chikondi. Ankakalika msanga, fumbi la kuno silinkawasiya. Makompyuta atafika, mnyamata aliyense wokhala ndi benchi ndi soketi anayamba kubena nyimbo, mitengo inagwa, ndipo ambiri omwe tinkapikula nawo ku Limbe anasintha n'kuyamba kugulitsa zovala za kaunjika. Ife tinatsala chifukwa cha chinthu chimene anyamatawo analibe. Iwo ali ndi nyimbo zikwizikwi pakompyuta, koma uziwauza mutu ndi dzina la woimba. Tsono munthu wamkulu sabwera ndi mutu. Amabwera ndi kachidutswa ka nyimbo m'kamwa.

Mayi wina wa ku Neno anafika atanyamula foni ya mabatani, akuti akufuna nyimbo yomwe malemu amuna awo ankaikonda. Dzina la woimba sakulidziwa, mawu anaiwala, chaka sakuchikumbuka. Ndinawapempha kuti aing'ung'udze. Anachita manyazi kaye, kenako anayamba, mawu akupita uku nyimbo ikupita uko, koma dzanja lawo linkamenya pakauntala mofulumira ngati akukhwatcha banjo. Ndinafunsa kuti bambowo ankagwira kuti ntchito. Akuti kuminda ya tiyi ku Thyolo. Basi, nkhani inathera pomwepo: Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, woimba wosaona uja wa ku Thyolo komweko amene anamwalira mu 1995. Nditaika, mayiwo anandilanda mawu n'kuyamba kuimba vesi yonse yomwe amati anaiwala. Mlungu wotsatira anabwera ndi anzawo a kumpingo, aliyense ndi kachidutswa kake.

N'chifukwa chake pakompyuta yathu nyimbo sitinazisanje potengera mtundu kapena dziko. Tinazisanja potengera anthu. Muli chikwatu cha madalaivala a usiku, momwe Don Williams amakhala pamodzi ndi Oliver Mtukudzi ndi Wambali Mkandawire. Muli cha amayi a mvano, cha anyamata a kabaza, cha madoda a pabawo, cha kaswida cha abale athu achisilamu, ndi china cha omwe anakhalako ku Tete ndi ku Beira, amene amafuna pasada ndi marrabenta. Katswiri wa nyimbo akhoza kuseka kasanjidwe kameneka. Kasitomala saseka.

Ndalama zambiri masiku ano zimachokera kumaukwati, ndipo kumeneko n'komwe ndimalimbana ndi mphwanga amene amandithandiza. Iye amafuna amapiano, Zeze Kingston, Eli Njuchi, Driemo, Davido, ndipo sindikana kuti achinyamata amadzaza bwalo zikalira zimenezi. Koma paperekaniperekani kudzaza bwalo si kudzaza lichero. Achinyamata amavina nyimbo yonse atagwira K100 imodzi m'manja, kuiponya kumapeto. Ndalama zili ndi azakhali, amalume ndi anzawo a kuntchito a makolo, ndipo amenewa sadzuka pampando chifukwa cha amapiano. Mkulu wa mwambo akaitana akuchimuna, ine ndimaika Chitekete ya Dembo kapena Vulindlela ya Brenda Fassie, imene ndi nyimbo ya mayi wokondwa kuti mwana wake wamwamuna akukwatira. Akaitana akuchikazi, ndimayang'ana kaye zovala: ngati achuluka a nsalu za mpingo, Ethel Kamwendo Banda kapena Grace Chinga sagwa pansi. Ikafika nthawi yoti onse asakanikirane, Alick Macheso amagwira ntchito, poti besi yake siisiya munthu pampando, ndipo anthu amamuona ngati wawo chifukwa bambo ake anali ochokera kuno ndipo amaponyamo Chichewa. Owerenga ndalama patebulo ndiwo amaweruza mkangano wathu, ndipo komiti ya ukwati ikaona lichero, imatiitananso pa wa mng'ono wake.

Mphwangayo anandipeza mbali imodzi. Patience Namadingo atajambula ndi Giddes Chalamanda mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo n'kufalikira dziko lonse lapansi pa TikTok, ana a sukulu anayamba kubwera kudzafunsa za agogo obadwa mu 1930 amenewa. Mphwangayo ndiye anandiuza kuti tiziwaikiranso ena a nthawi imeneyo ngati basela: Robert Fumulani, Michael Yekha, Saleta Phiri, Daniel Kachamba. Ena amabwerera kudzafuna zambiri. Ndimakonda kuwauza kuti kwela ya a Kachamba aku Chileka, imene timaitcha yathuyathu, inayambira m'misewu ya Johannesburg ndi tizitoliro ta anyamata ngati Spokes Mashiyane, ndipo a Kachamba anakumana nayo ali ana ku Salisbury, komwe bambo awo ankagwira ntchito. Choncho amene amanyoza ana a lero kuti akungotengera za ku South Africa ayambe afunsa kumene agogo awo anatenga zawo.

Zovuta zilipo. Magetsi akathima tsiku la ukwati, mafuta a jenereta amadya phindu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa sipika ndi ampulifaya unakwera mosaneneka, moti chikapsa timakonza, kugula chatsopano n'kulota. Palinso nkhani ya oimba eni ake, imene ife a ntchito ino sitiyenera kuithawa. Kale munthu akagula kaseti ya chidindo, woimba ankapezapo kanthu. Lero nyimbo imadumpha kuchoka pafoni kupita pafoni, mwini wake akukwera minibasi ya ngongole. Lamulo la 2016 linabweretsa kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo kuti oimba azigawana, ndipo chiphaso choimbitsira nyimbo pagulu ife timadula. Komabe ndikaona mmene ena mwa omwe anatilemeretsa m'ma 1990 akukhalira, ndimadziwa kuti sizikukwana.

Ntchito imene ndaikapo mtima panopa ndi ya makaseti a makwaya. M'zaka za m'ma 1990 makwaya ambiri a m'midzi ya kuno, a Katolika, a CCAP, a Seventh Day, ankasonkha ndalama kukajambula ku Balaka kapena ku Blantyre, n'kutulutsa makaseti ochepa ogulitsa pampingo pawo pokha. Nyimbo zimenezo pa intaneti palibe, ndipo ambiri mwa oimbawo anatisiya. Ngati muli nayo yotere m'sutikesi, bwerani nayo isanadyedwe ndi nkhungu, ndipo musayese kuiimba pawailesi yakale yomwe yakhala zaka osagwira ntchito, idzaitafuna. Ya kwaya timasamutsa ulere, bola mutilole kusungako kope. Mubwere pakati pa sabata, chifukwa Loweruka timakhala tili kumaukwati.