Mabungwe awiri amene ndimalipira kuti ndigwire ntchito ya OT ku England

Achemwali angapo a kumpingo kwathu, omwe akugwira ntchito ya care kuno kumpoto kwa England koma mtima uli pasukulu, akhala akundifunsa kuti munthu amadzera khomo liti kuti akhale occupational therapist (OT), komanso kuti ndalama zimene zimachoka mu akaunti yanga kupita ku mabungwe zija n'zachiyani. Ndifotokoza mmene ndinayendera ine.

Ndinayamba ngati therapy assistant m'wodi ya odwala sitiroko, ndikunyamula zipangizo ndi kusambitsa odwala m'mawa motsatira zimene OT walemba. Kumeneko n'kumene ndinaona kusiyana kwa ntchitoyi ndi ya physio. Physio amalimbana ndi mwendo kuti uponde, mkono kuti utambasuke. Ife timafunsa kuti munthuyu akafika kwawo akavala bwanji, akaphika bwanji, kuchimbudzi akapita yekha kapena ayi, ndipo ngati anali pantchito akabwererako motani.

Digiri yake ku England ndi ya zaka zitatu. Amene ali kale ndi digiri ina angathe kuchita masters ya zaka ziwiri, ndipo palinso njira ya apprenticeship, yomwe umaphunzira uku ukulandira malipiro. Njira iliyonse ungadzere, maola a placement, kutanthauza kuphunzira pogwira ntchito ndi odwala enieni, sachepera 1,000. Muyezo umenewu ndi wa World Federation of Occupational Therapists, bungwe la padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1952. Musanapereke ngakhale tambala ku yunivesite, onani kaye ngati kosiyo ili pamndandanda wa makosi ovomerezedwa ndi Health and Care Professions Council, yomwe tonse timangoti HCPC. Kuyambira 2020 ophunzira a OT ku England amalandira £5,000 pachaka yosabweza, koma ndi okhawo amene mapepala awo amawalola kutenga ngongole ya ophunzira ya kuno. Ine ndinadikira mpaka mapepala anga atakhazikika, chifukwa fizi ya ophunzira ochokera kunja sindikanaikwanitsa.

HCPC, bungwe loyamba limene ndimalipira, ndiyo imasunga kaundula wa ntchito 15 za zaumoyo, yathu ili m'gulumo. Dzina loti occupational therapist ndi lotetezedwa ndi lamulo, moti kudzitcha choncho usanalowe m'kaundula ndi mlandu, ngakhale digiri ili m'manja. Zotsatira zikatuluka, yunivesite imatumiza yokha maina a amene akhoza, ndiye iwe umapempha pambuyo pake. Amafuna umboni wa kuti ndiwe ndani, kenako mafunso awiri amene ambiri amachita nawo mantha: ngati uli ndi matenda amene angasokoneze ntchito yako, ndiponso ngati unapezekapo wolakwa kukhoti kapena kuchenjezedwa ndi apolisi. Apa nenani zoona basi. Kudwala sikuletsa munthu kulembedwa ngati akudziwa kudzisamala pantchito, koma kubisa chinthu n'kudzaululika pambuyo pake ndiye kumathetsa ntchito. Amene angomaliza kumene sukulu kuno amalipira theka la ndalama za kaundula pa zaka ziwiri zoyambirira.

Malo a Band 5, gawo la malipiro limene OT watsopano amayambira mu NHS (zipatala za boma za kuno), ndinali nditawapeza kale zotsatira zisanatuluke, zomwe n'zofala, koma podikira nambala ndinapitiriza monga assistant, zolemba zanga OT wamkulu akusainira pansi pake. M'mawa uliwonse ndinkafufuza dzina langa m'kaundula wa pa intaneti uja, amene aliyense angathe kuyang'anamo, mpaka tsiku lomwe linatuluka ndi nambala yoyamba ndi OT. Kenako anandipatsa yunifomu, malaya oyera a mzere wobiriwira m'mphepete ndi thalauza lobiriwira. Nditatumiza chithunzi kumudzi, amayi anati, "Ndiye wakhala nesi tsopano, mwana wanga?" Ndinangoti eya mayi, poti bandulo yawo inali pafupi kutha.

Amene munaphunzira kunja kwa Britain njira yanu ndi yotalikirapo. Pamafunika kufotokoza mwatsatanetsatane zonse zimene munaphunzira ndi kumene munagwirako, kulipira ndalama yoti akuunikeni, ndiponso umboni wa Chingerezi, womwe pa mayeso a IELTS ndi 7.0 popanda gawo lotsika kuposa 6.5. Dziwaninso kuti Malawi ali pamndandanda wa maiko amene Britain salola kuti ma agent azikakopako ogwira ntchito za zaumoyo. Kupempha ntchito panokha n'kololedwa, koma munthu akakuuzani kuti mumulipire kuti akupezereni malo m'chipatala cha kuno, mukhale tcheru.

Bungwe lachiwiri ndi Royal College of Occupational Therapists, kapena RCOT, lomwe linalandira dzina la Royal mu 2017. Uku palibe amakukakamiza, ndipo kuntchito kwathu alipo amene amati n'kutaya ndalama m'madzi. Ine ndinalowa ndili wophunzira chifukwa cha laibulale yawo ya pa intaneti, pomwe ndinkawerenga British Journal of Occupational Therapy polemba ma assignment. Nditalembedwa ku HCPC ndinangosintha gulu la umembala, ndalama n'kuyamba kuchoka mwezi ndi mwezi. Mwezi umene lendi, magetsi ndi fizi ya ana a mchimwene zakumana pamodzi, ndalama imeneyi imapweteka ndithu, ndipo magazini ya OTnews yokha sikanandisunga.

Chimene chimandisunga n'chakuti HCPC sinakhazikitsidwe kuti iteteze wogwira ntchito. Udindo wake ndi kuteteza odwala. Wina akakudandaula, iwo amakhala pampando wa mfumu, ndipo nkhoswe uyenera kubwera nayo wekha. Umembala wa RCOT umabwera pamodzi ndi wa UNISON, yuniyoni yaikulu ya ogwira ntchito zotumikira anthu, popanda kulipira kawiri. Phindu lake ndinaliona m'chaka changa choyamba, pamene mwana wa gogo wina anandidandaula kwa mabwana kuti ndikuchedwetsa mayi ake kutuluka m'chipatala. Ndinali nditanena kuti asapite bedi lokwera ndi kutsika ndi commode (mpando wa chimbudzi wonyamulika) zisanafike kunyumba, chifukwa chimbudzi chinali pamwamba ndipo gogoyo masitepe sankawatha. Kalata yondiitana kumsonkhano itafika mutu unaima. Ndinaimbira a malangizo a ntchito ku RCOT, amene anandiuza kuti ndisonkhanitse zolemba zanga zonse ndi kuonetsa chifukwa cha chiganizo chilichonse, ndipo woimira yuniyoni anakhala pambali panga tsiku la msonkhano. Nkhani inathera m'chipinda momwemo. Munthu wobwera, amene alibe amalume ake m'maofesi a kuno, asamadzinamize kuti angayende yekha pa zotere.

Palinso inshuwaransi. HCPC imafuna kuti aliyense wolembedwa atsimikize kuti ali ndi chitetezo chotere ngati wodwala atavulala chifukwa cha ntchito yake. Pa ntchito ya NHS olemba ntchito amakuteteza, koma ukayamba kuona anthu pawekha Loweruka kapena kuthandiza mongodzipereka, ya RCOT ndiyo umadalira. Werengani malire ake musanayambe.

Kaundula timamukonzanso zaka ziwiri zilizonse. Kwa ma OT nthawi yake ndi kuyambira 1 Ogasiti mpaka 31 Okutobala, monga zinalili mu 2023 ndi 2025. Ukaphonya, dzina limachotsedwa ndipo sungagwire ntchito mpaka utapemphanso. Pa nthawi yomweyo amasankha mwachisawawa 2.5% ya olembedwa kuti aonetse umboni woti akupitiriza kuphunzira, womwe timati CPD. Sanaike chiwerengero cha maola. Amafuna kuona kuti zimene waphunzira n'zosiyanasiyana ndipo zapindulira odwala ako. Ine ndili ndi fayilo m'kompyuta yomwe Lachisanu lililonse ndimalembamo mizere ingapo: ndaona chiyani, ndawerenga chiyani, ndasintha chiyani. Fayilo yomweyo inandithandiza pofunsira Band 6, gawo lotsatira pamwamba pa Band 5, nditaisanja motsatira nsanamira zinayi za RCOT, zomwe ndi ntchito yeniyeni, kuphunzitsa ena, utsogoleri ndi kafukufuku. Musaiwalenso kuti pa ndalama zolipira mabungwe ovomerezeka a ntchito mungathe kupempha HMRC, bungwe la misonkho la kuno, kuti ikuchepetsereni msonkho, pa fomu ya P87, ndipo amalola kubwerera m'mbuyo zaka zinayi.

Malipiro a Band 5 sangakulemeretseni, zolemba n'zambiri, ndipo m'nyengo yozizira aliyense amafuna bedi la wodwala wako dzulo. Chimene chimandidzutsa m'mawa chili m'kakhitchini kathu koyeserera kumapeto kwa wodi. Bambo wina, amene anayendetsa basi moyo wake wonse, sitiroko inamugunda mbali ya kumanja ya ubongo, ndipo zonse za kumanzere kwake zinangofafanizika m'maganizo mwake. Maso ankaona bwinobwino, koma ankadya theka la mbale n'kunena kuti chakudya chatha, ankameta tsaya limodzi, ndipo phewa lamanzere linkagunda mphuthu ya chitseko chilichonse. Tsiku loyamba m'khitchinimo ndinamuuza kuti apange tiyi. Anadzaza ketulo, anaika tibagi m'kapu, kenako anaima n'kumafunafuna mkaka womwe unali pafupi ndi chigongono chake chamanzere. Pamenepo ntchito yanga inali kubisa manja kumbuyo ndi kukhala chete, zomwe kwa ife oleredwa kuti wamkulu asavutike uli pomwepo n'zovuta kwambiri. Ndinamata tepi yofiira kumapeto kwa tebulo kumanzere, n'kumuphunzitsa kutembenuza mutu mpaka ataiona asanagwire chilichonse. Povala, mkono wofooka uziyamba kulowa m'malaya, povula uzitsirizira. Tinabwereza zomwezo tsiku ndi tsiku, iye akunyinyirika kuti si mwana.

Asanatuluke ndinapita kunyumba kwake ndi tepi yoyezera. Ndinayeza kutalika kwa chimbudzi, bedi ndi mpando wake wa pa TV, n'kuyerekeza ndi kutalika kwa mwendo wake kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, chifukwa mpando wotsika kwambiri umam'tsekera munthu pansi. Ndinapempha chogwirira chachiwiri pa masitepe, chokwezera chimbudzi ndi mpando wautali wa kukhitchini, ndipo ndinakangana pang'ono ndi akazi ake pa kakapeti ka pakhomo kamene sankafuna kukachotsa. Patapita miyezi mayiwo anabwera kuwodi kudzatiuza kuti abwerera kuntchito yawo ya theka la tsiku, chifukwa bambo akutha kutsala okha, kudzipangira tiyi ndi kupita kuchimbudzi. Basi sadzayendetsanso, ndipo zimenezo tinawauza mosabisa. Koma nyumba imene ikanakhala ndi anthu awiri omangika ili ndi mmodzi wopita kuntchito ndi wina wodzisamalira.

Luso lomweli lafika ndi kwathu. Amalume atagwidwa ndi sitiroko kumudzi, vuto lalikulu silinali mankhwala koma chimbudzi chokumba, chifukwa kunjuta sankatha ndipo ankachita manyazi kunyamulidwa ndi adzukulu. Pa vidiyo ya WhatsApp ndinauza msuweni wanga kuti ayeze mwendo wawo ndi chingwe, apite nacho kwa kalipentala, aboole mpando wathabwa pakati, ndipo azike mtengo wolimba pambali pa dzenje mbali ya dzanja lawo lamphamvu. "Asisi, ndiye sukulu yonse ija ndi ya mipando yoboola?" anandiseka. Ndinawalimbikitsanso kuti awatengere ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, chifukwa foni singagwire phewa la munthu n'kumva ngati latsika.

Ndikadzafuna kukagwira ntchitoyi kwathu, ngakhale mongothandiza pa tchuthi, nambala ya HCPC yokha sikwanira. Kumeneko olemba ndi a Medical Council of Malawi, ndipo ndiyenera kufunsa kaye ngati inshuwaransi yanga imafika kunja kwa Britain. Mapepala a sukulu ndawasonkhanitsa kale mu envelopu imodzi, chatsala n'kupempha kalata yotsimikiza kuti kuno ndilibe mlandu uliwonse wa pantchito.