Mmene ndinapezera fayilo imene inkatisautsa m'pulogalamu ya sitolo ya amalume

Amalume ali ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu kufupi ndi msika wa Kapata, kuno ku Chipata. Pulogalamu ya pakompyuta yolembera malisiti ndi kuwerengera katundu inadutsa m'manja mwa anyamata atatu, uyu kusiyira uyu, mpaka inafika kwa ine. Inali ngati thumba lakale: ukasoka apa, pang'ambika apo. Tsiku lina mu Novembala, alimi atandanda mpaka pakhonde, lisiti linatuluka ndi mtengo wa thumba la D-Compound wosiyana ndi umene unkaoneka pakompyuta. Mayi wina amene anayenda ulendo kuchokera ku Chiparamba anaima pamenepo ndi ndalama m'manja, akudikira kuti tigwirizane. Madzulo amalume anandiitana. "Mwanawe, chinthu ichi tingochitaya tilembe china?" Ndinati, "Malume, ndipatseni masiku atatu, ndione kaye mbiri yake."

Mbiriyo inalipo chifukwa anyamata onse aja ankasunga code, malamulo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu, mu Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005 kuti chizisunga code ya Linux. Aliyense akasintha kanthu n'kupanga commit, kutanthauza kusunga zimene wasinthazo, Git imalemba dzina lake, tsiku, mafayilo amene wakhudza, ndi mizere imene waonjezera kapena kuchotsa. Kwa zaka zonsezi palibe anali atatsegulapo kaundula ameneyu kuti amufunse kanthu.

Ndinayamba ndi lamulo la git log --numstat, limene limaonetsa mizere yoonjezedwa ndi yochotsedwa pa fayilo iliyonse. Nditaphatikiza manambala, ndinasokera nthawi yomweyo. Pamwamba penipeni panali mafayilo a mu foda ya vendor, code ya anthu ena imene tinangokopera, palibe wa ife anailembapo. Pansi pake panali commit imodzi imene inakhudza pafupifupi fayilo iliyonse, koma nditaitsegula ndinapeza kuti mnyamata wachiwiri anangosintha mipata ya kumayambiriro kwa mizere. Ntchito ya pulogalamu sinasinthe ngakhale pang'ono. Ndinachotsa vendor powonjezera ':!vendor' kumapeto kwa lamulo, ndipo -w inathandiza kuti mipata isawerengedwe. Panalinso za mayina: git shortlog -sne inandipatsa anthu asanu ndi mmodzi pamene ine ndikudziwa anayi, chifukwa wina ankalemba ndi maimelo atatu. Kafayilo kotchedwa .mailmap kanawabweza kukhala munthu mmodzi. Kuyeretsa kumeneku kunandidyera tsiku lonse loyamba, magetsi akuthimathima, ndipo ndikanakudumpha ndikanapita kwa amalume ndi yankho labodza.

Tsiku lachiwiri ndinasiya kuwerenga mizere, n'kuyamba kufunsa kuti fayilo iliyonse yakhudzidwa kangati:

git log --name-only --format= | sort | uniq -c | sort -rn | head -20

Apa m'pamene maso anatseguka. Mafayilo ambiri anakhudzidwa kawiri kapena katatu chilembedwere. Ochepa okha ndiwo ankabwera mobwerezabwereza, ndipo awiri anasiya onse kutali: lisiti.php ndi mitengo.php. Kusinthasintha kotere anthu a ntchitoyi amakutcha churn. Mu 2005 Nachiappan Nagappan ndi Thomas Ball anafufuza code ya Windows Server 2003 ndipo anapeza kuti churn imalosera bwino pamene pali zolakwika ngati waiyerekeza ndi kukula kwa code, osati kungotenga nambala payokha. Choncho ndinaikanso kukula kwa fayilo iliyonse pambali, pogwiritsa ntchito wc -l, lamulo lowerenga mizere ya m'fayilo. Kafayilo kakang'ono kosunga nambala ya foni ndi dzina la sitolo kankasintha kawirikawiri, koma sikakanavulaza munthu. Lisiti.php inali yaitali, yodzaza ndi "ngati izi, ngati izo", ndiponso yosinthidwa kuposa zonse. Fayilo ikakhala yaikulu n'kumasinthidwanso mwezi ndi mwezi, pamenepo mpoyenera kuikapo mtima.

Kenako ndinafuna kudziwa kuti kusinthaku kunkachitika liti. Ndinasanja macommit a lisiti.php mwezi ndi mwezi ndi --date=format:%Y-%m, ndikuonjezera --follow chifukwa fayiloyi inasinthidwapo dzina. Chimene chinatuluka chinali kalendala ya mlimi wa Kum'mawa. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala, mvula ikamayandikira, mitengo ya feteleza ikusuntha ndipo anthu a FISP akubwera, macommit ankachuluka, ena olembedwa usiku, uthenga wake mawu amodzi okha akuti "fix". M'miyezi ya masika kunali zii. Panalinso mulu wina pakati pa 2024, pamene bungwe la misonkho la ZRA linabweretsa Smart Invoice, njira yolembera malisiti pakompyuta, ndipo malisiti anayenera kusintha. Ndinamvetsa kuti anyamata aja sanali aulesi kapena osadziwa. Ankasoka mothamanga, kasitomala ali pakhomo, ndipo mvula ikatha panalibe wowalipira kuti abwerere kudzakonza bwinobwino. N'chifukwa chake sindinalole kuti manambalawa akhale oweruzira munthu. Amalume anafunsa kuti ndani anasintha kwambiri, ine ndinawauza kuti amene dzina lake lachuluka ndiye ankadzuka usiku kudzazimitsa moto.

Meir Lehman, amene m'ma 1970 anaphunzira mmene pulogalamu yaikulu ya OS/360 ya kampani ya IBM inkakulira, ananena kuti pulogalamu imene anthu akuigwiritsa ntchito iyenera kumasintha, ndipo imanka nivutiravutira pokhapokha wina agwire ntchito yoipeputsa. Kasitolo ka pa Kapata kanatsatira njira yomweyo.

Tsiku lachitatu ndinayang'ana mafayilo amene amasinthira limodzi. Ndinatenga macommit onse okhudza mitengo.php, n'kuona kuti ndi angati amene anakhudzanso lisiti.php. Ambiri anali otero. Pamene sizinali choncho, pasanathe masiku awiri pankabwera commit ina yokonza lisiti.php yokha. Nditatsegula mafayilo awiriwo mbali ndi mbali ndinaona chifukwa chake: masamu ochotsera mtengo kwa wogula matumba ambiri analembedwa kawiri, kamodzi m'fayilo iliyonse. Ukasintha kumodzi n'kuiwala kwinako, kompyuta imanena mtengo wina, pepala wina. Ndi zimene zinaimitsa mayi wa ku Chiparamba uja.

Ndinapita kwa amalume ndi pepala limodzi lolemba pamanja. "Malume, musaitaye. Mafayilo ambiri ali bwino, akhala zaka osakhudzidwa ndipo akugwira ntchito. Odwala ndi awiri." Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndiyamba liti. Tinagwirizana kudikira mpaka February, Nc'wala ikatha, sitolo ikakhala phee. Masamu aja ndinawaika pamalo amodzi, ndinalemba mayeso ogwiritsa ntchito malisiti enieni a chaka chatha, ndipo commit yosintha mipata ija ndinailemba m'kafayilo ka .git-blame-ignore-revs, n'kuuza Git kuti izikawerenga, kuti git blame izionetsa amene analembadi mzere uliwonse. Lamulo lowerenga mafayilo lija ndinalisunga m'kafayilo kake, ndipo ndidzaliyendetsanso kumapeto kwa Disembala kuti ndione ngati lisiti.php yatsika pamndandanda.